Timibulu ta Chinangwa Pansi pa Tiyi

9 Malichi

Amake mwana,

Ndiyambe ndi moni. Muli bwanji kumeneko, inuyo, wachisamba wathu ndi amuna ake, mdzukulu, ndi mzime wathu? Ine kuno ndili bwino, kupatula bondo lija limene limandiuza za mvula mitambo isanabwere.

Mudabwa kulandira kalata masiku ano a mafoni. Ndaipereka kwa a Dalaivala, mlamu wa aneba athu aja, amene amafika kuno ndi thiraki kawiri pamwezi. Chifukwa chake mukuchidziwa. Ndikaimba mumangoti, "Tonse tili bwino," n'kupereka foni kwa mzime, ine mawu ali pakamwa. Patha zaka ziwiri muli chonchi, chichitikireni ukwati wa wachisamba ine osabwera, alongo anu n'kuima pamalo panga. Sindikudandaula, ndinaziyamba ndekha. Koma chimene chikundidya mumtima ndi chimodzi: sindikudziwa ngati pakhomopo pakadali malo anga. Ndiye ndati ndiyese pepala.

Izo tizisiye kaye. Ndili ndi nkhani ya tiyi.

M'nyumba muno ndaphikamo zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ndinkayesa kuti tiyi ndimamudziwa. Lachiwiri mwana wa Adona, mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi amene ndimamutcha Kafoni chifukwa foni siichoka m'manja mwake, anabwera kukhitchini ndi kapu yapulasitiki yomata pamwamba. M'katimo munali tiyi wamkaka, wozizira, wothira ayezi. Tiyi wozizira, amake mwana, amene inu mutandipatsa ndingafunse kuti ndalakwanji. Pansi pake panali timibulu takuda, pepani pakunena, tofanana ndi zimene mbuzi imasiya m'khola. Amamwera kapaipi konenepa ngati chala changa chachikulu, kuti timibuluto tizikwera limodzi ndi tiyi.

Anati, "Ankolo, talawani."

Ndinakoka ndi mphamvu zonse ngati ndikukoka petulo m'thanki. Kambulu kamodzi kanathamanga mpaka kukhosi, ine kutsokomola misozi ili chuchuchu, Kafoni kuseka mpaka kukhala pansi. Kachiwiri ndinapita nako mofatsa. Kambuluko n'kofewa koma kamabweza dzino pang'ono, kunja n'kotsekemera, m'kati mulibe kukoma kulikonse. Munthu sudziwa ngati ukumwa kapena ukudya. Nditamva kuti mtengo wa kapu imodzi ungagule nkhuku kwathuko, ndinagwira pakamwa.

Adona nawo atamva mtengowo anati kuyambira tsopano khukhi azipanga pakhomo. Anandibweretsera paketi ya ufa woyera wopangira timibuluto. Zilembo zake ndi za dziko lina, sindingaziwerenge, koma pakona pali chithunzi. Ndinachiyang'ana, ndinapukuta magalasi, ndinachiyang'ananso. Chinangwa. Chomwe chija chili kuseri kwa nyumba yathu, chimene ana amachikwinyira nkhope. Chinakwera ndege, chavala zakuda, ndipo anthu akuchiimira pamzere.

Inu munakulira m'munda wa chinangwa, ndiye tandiuzani. Kodi ufa wake ungasalale chonchi? Uwu ukautikita pakati pa zala umalira kuti kwii, ndipo ndi woyera kuposa uliwonse umene ndinauonapo kwathu. Kapena akutinamiza ndi chithunzi?

Ndatumiza kangachepe ndi sopo. Chitseko cha kukhitchini chija auzeni akalipentala achikonze chisanagwere mdzukulu.

Dzulo kunabwera anthu awiri kudzajambula zipinda zonse, mpaka khitchini yanga. Adona anati ndichotse matawulo pawaya kuti asaoneke. Sindinafunse.

Ndine,
Bambo a ana anu.

30 Malichi

Amake mwana,

Moni kachiwiri. Ndikhulupirira nonse mukudzuka bwino. Ine ndilipo.

A Dalaivala akuti kalata munalandira, munaiyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, n'kuiika m'thumba la diresi. Ndinawafunsa ngati munanenapo kanthu. Akuti munati sopo wafika. Chabwino, sopo wafika.

Kuno ufa uja wandichititsa manyazi. Mukudziwa kuti ntchitoyi ndinaiphunzira kwa akhukhi akuluakulu a ku hotela, ndipo lamulo lawo loyamba linali lakuti ufa wosalala uliwonse, kaya wa kasitadi kaya wolimbitsira msuzi, uyambe wausungunula m'madzi ozizira. Ukathira otentha umachita zibuluma, ndipo chikho chimakupeza kumutu. Lamulo limeneli landidyetsa zaka makumi atatu. Ndiye ndinatenga mbale, ufa, madzi ozizira, n'kutakasa ndikuimba kanyimbo.

Chimene chinatuluka m'mbalemo sindinachionepo chibadwire. Ukachiyang'ana ndi chamadzi, choyera ngati mkaka. Ukachimenya ndi supuni n'cholimba, supuni imachita kubwerera. Ukachitapa msanga n'kuchifumbata chimakhala mbulu wabwinobwino, koma ukangotambasula dzanja chimasungunuka n'kuthawa pakati pa zala. Ndinafumbata, kutambasula, kufumbata, kutambasula, mpaka anyezi anapserera pamoto. Munthu wa imvi kusewera ndi ufa masana dzuwa likuswa mtengo. Ndinaitana mlonda wa pageti kuti adzaone, iye anangosuzumira n'kubwerera chambuyo, akuti zoterezi sakhudza. Kafoni anandijambula, ndipo akuti kalasi yake yonse yandiona.

Ndinaonjezera ufa, chinanyenyeka ngati choko. Ndinaonjezera madzi, chinabwerera ku mkaka. Ndinayesa madzi ofunda, chimodzimodzi. Ndinaswera dzira, poti dzira limagwirizanitsa zinthu zambiri, koma ndinangoluza dzira. Kafoni anandionetsa pafoni mayi wina akupanga, koma manja ake amathamanga ngati akuba, nyimbo ili pamwamba, ndipo ndisanaone bwino iye wayamba kale kumwa.

Adona anaima pakhomo la khitchini n'kunena kuti, "Zaka zonsezi, lero akugonjetse tiyi?" Anaseka, inenso ndinaseka, koma zinandilowa.

Chikundizunguza mutu n'chakuti chinthu chimodzi chingakhale bwanji cholimba ndi chamadzi nthawi yomweyo. Ndikamasenda mbatata ndikuganiza zomwezo, ndikamatsuka mapoto zomwezo. Ndikupempha nzeru. Simukuyenera kulemba zambiri, ngakhale mzere umodzi kuseri kwa pepala lomweli ukwanira.

Mzime anandiuza pafoni kuti nsapato za kusukulu zayamba kumuluma. Ndatumiza zina, ndagula zokulirapo dala. Zikakhwepa aikemo thonje kutsogolo.

Pageti akhomapo chikwangwani chokhala ndi nambala ya foni. Bwana masiku ano akudya ataimirira.

Ndine yemwe uja,
Bambo a ana anu.

27 Epulo

Amake mwana,

Moni, moni kwambiri. Muli bwanji? Ine lero ngakhale bondo laiwala kuwawa.

A Dalaivala atandibwezera pepala langa lomwe, ndinayesa mwalikana. Iwo anati, "Tatembenuzani, achimwene." Kuseri kunali dzanja lanu, lopendekera kumanzere monga kale:

"Madzi akhale obwata, ochoka pamoto pomwepo. Mwaiwala mmene ndinkalimbitsira malaya anu oyera?"

Ndinakhala pa mpando wa mlonda. Ndinali nditaiwaladi. Chaka choyamba cha ukwati wathu, ndikuyamba kumene ku hotela, malaya oyera ndinali nawo amodzi. Inu munkasenda chinangwa, kusinja, kufinya m'kansalu, n'kusiya madziwo m'beseni mpaka choyera chija chidikhe pansi. Kenako ketulo yobwata, choyeracho n'kusanduka phala loonekera, inu n'kuviikamo kolala. Akhukhi akuluakulu ankandifunsa kuti malaya ndimachapitsa kuti. Ine ndinkangovala n'kumayenda khosi lili njo, osafunsa kuti zimatheka bwanji. Ndiye ufa wa m'paketiwu ndi sitachi yanu yomwe ija. Anthu kuno akumwa kolala yanga.

Tsiku lomwelo ndinathyola lamulo la ku hotela. Ndinawiritsa madzi pang'ono ndi shuga wabulawuni. Atabwata ndinakhuthuliramo theka la ufa n'kutakasa msanga, mtima uli m'mwamba. Chinagwirana n'kuyamba kunanda. Ndinaphula, kuthira ufa wotsalawo, n'kukanda chikadali chotentha mpaka zikhatho kufiira. Chinamvera, amake mwana, chinakhala phee patebulo ngati mtanda wa buledi. Ndinapota tizingwe, kudula tizidutswa ngati nsawawa, n'kuumba pachikhatho kamodzikamodzi, ndikuwaza ufa wouma kuti tisamatane. Ntchito yake ndi yothyola msana, inandidyera masana onse.

Nditatiponya m'madzi obwata tinamira kaye, kenako tinayamba kuyandama kamodzi, kawiri, mpaka tonse. Ndinaphula pomwepo mokondwa. Tanga sitinade ngati ta kushopu, tinangofiirira, kaya iwo amathirako chiyani. Kafoni anatafuna kamodzi n'kuima. Anati, "Ankolo, kunja zili bwino, koma m'katimu muli mwala." Nditadula kamodzi ndi mpeni ndinapezadi kanjere koyera kosapsa pakati. Ndayesanso kuwiritsa nthawi yaitali, kunja kukusungunuka, m'kati mwala uli pomwepo. Apa ndiye ndalakwa chiyani?

Mutafuna kuyesa, tiyi wake ndi wosavuta. Masamba achuluke, akhale wamphamvu kuposa wa masiku onse, chifukwa mkaka ndi ayezi zimamufooketsa. Azizire. Timibulu tikapsa mutiviike m'madzi a shuga, mutiike pansi pa kapu, tiyi pamwamba. Mdzukulu musamupatse, angatsamwe, ine wamkulu ndinatsala pang'ono. Ndipo madzi ofinya chinangwa musawasiye poti mbuzi ingamwe.

Ndaika timibulu tina m'botolo la jamu kuti muone ndi maso. A Dalaivala alisunga pansi pa mpando.

Zithunzi zonse za pabalaza azitsitsa, pakhoma patsala misomali yokha. Mwina akufuna kupenta.

Mizere iwiri ija ndaiika m'thumba la epuloni.

Ndine,
Wophunzira wanu.

18 Meyi

Amake mwana,

Moni nonse. Ine ndili bwino, ndipo ndanenepa ndi kuseka.

Mwandilembera tsamba lathunthu! Ndinaliwerenga nditaimirira, mpunga ukundidikira. Ndabwerera kangapo pamene mwalemba kuti, "Botolo lanu lafika. Ndatsegula, ndanunkhiza, ndatseka. Nkhuku nazo zakana." Ndiponso apa: "Za mbuzi musandiphunzitse. Ndinkathamangitsa mbuzi pa madzi a chinangwa inu musanamere ndevu." Ndavomera, ndinalankhula mopitirira msinkhu.

Malangizo anu ndinawatsata monga munalembera: "Mukaona tayandama musathamangire kuphula. Tiwire kanthawi, kenako zimitsani moto, vundikirani, chokanipo. Vuto lanu ndi lakale lomwe lija, mumavundukula poto kawirikawiri." Ndinavundikira n'kukakhala panja pafupi ndi waya wa zovala, manja nditawakhalira kuti asandinyenge. Theka la ola linatalika ngati ulaliki. Nditavundukula, tonse tinali toonekera mpaka pakati, mwala kulibe. Ndiye moto umapsereza kunja, koma m'kati mumapsa ndi kukhala phee. Zaka makumi atatu m'khitchini, izi ndazimva kwa inu. Kafoni anamwa makapu awiri n'kunena kuti wanga akuposa wa kushopu. Ndinamuuza kuti si wanga, ndi wa mayi wina amene sanaonepo n'komwe tiyi ameneyu.

Za botolo lija zinandisautsa, ndiye Lamlungu ndinapita kushopu ya tiyiyo kukafufuza. Ndinaima pakona ngati ndikudikira munthu. Ndinaona mayi wogulitsa akutenga poto wa timibulu tabwinobwino n'kukhuthulira m'bini. Ndinalephera kudzigwira, ndinamufunsa kuti bwanji akutaya chakudya. Anandionetsa wotchi ya pakhoma nati tikatha maola anayi timauma, kasitomala amabweza. Ndinati nanga firiji? Anaseka nati firiji ndiye imatiumitsa msanga.

Sindinamukhulupirire, ndinayesa ndekha. Tophika masana, pofika nthawi yotereka chakudya cha madzulo tinali titayamba kulimba. Ta m'firiji mmawa mwake tinali ngati timiyala ta mumsewu. Nditatitenthetsa tinasanduka phala. Buledi amadikira masiku atatu, nyama umaiyanika n'kuidya mwezi wamawa, koma iti sitidikira munthu. Wophika ndi wakumwa ayenera kukhala pafupi. Pepani kuti ndinakutumizirani za masiku anayi a pansi pa mpando wa thiraki.

Mwalembanso kuti mdzukulu wayamba kuthamanga, ndipo amakoka chivundikiro cha ndowa n'kumachiyendetsa ngati galimoto. Nkhani zake ndinkazimva kwa mzime, aka n'koyamba kuzimva kwa inu. Chithunzi chake ndili nacho pafoni, koma sindidziwa kulemera kwake m'manja.

Chinangwa cha kuseri chija musagulitse chonse. Siyaniko mizere iwiri yoyesera, mwina tsiku lina mudzafuna.

Adona andipatsa poto wamkulu uja wa makutu awiri, akuti kumene akupita sakamufuna. M'khonde monse muli makatoni, munthu ukuyenda chammbali. Za zimenezi ndidzalemba bwino tsiku lina.

Ndine,
Bambo a ana anu.

29 Juni

Amake mwana,

Moni. Pepani ndakhala chete mwezi ndi theka. Ndili moyo. Bondo lokha ndiye likulankhula kwambiri, chifukwa masiku ano ndikuyenda mitunda kupereka moni m'mageti a anthu. Inu muli bwanji ndi ana?

Mukamayankha, a Dalaivala asapitenso kunyumba yaikulu ija. Azindipeza pa shopu yomata matayala, pafupi ndi pamene amaimika thiraki. Pamwamba pake pali kachipinda, ndikukhala ndi mnzanga wina wowotcherera zitsulo. Zenera ndi limodzi, limayang'ana mulu wa matayala akutha. Zangosintha pang'ono basi.

Kafoni anandisiyira bokosi lathunthu la timapaipi tonenepa tija. Analira, ine ndinamuuza kuti asanyowetse foni.

Ufa wa m'paketi ndilibenso, ndiye ndinagula chinangwa pamsika kuti ndiyese njira yanu. Mtondo kuno kulibe, ndinachipala ndi chopalira karoti mpaka zala kusupuka. Kansalu ndinalibe, ndinasefera epuloni yanga yoyera. Madziwo ndinawasiya m'poto wa makutu awiri uja, ndipo ndikuuzeni kuti ndinangosuzumira katatu kokha. Dzuwa litapendeka choyera chinali pansi, chosalala, cholira m'zala ngati cha m'paketi. Ndinakhala pabedi n'kumachiyang'ana. Chinangwa chodzaza jumbo, sitachi yosadzaza kapu. Ndiye kolala imodzi ija inkakudyerani ntchito yonseyi sabata ndi sabata, ine osadziwa. Ndinachita manyazi ndekhandekha.

Tiyi woyamba ndinapangira omata matayala a pansipa. Wamkulu wawo anatafuna, kutafuna, n'kunena kuti, "Madala, mwatiphikira chubu." Koma kapu yachiwiri anapempha yekha.

Funso langa ndi ili. Sitachi yanga ikauma ikumveka kafungo kowawasa, pamene ya m'paketi inalibe fungo. Kodi madzi mumasintha kangati musanayanike? Nanga inu mwayesa, kapena mukungondiseka?

Ulendo uno sindinatumize kanthu. Mwina ulendo winawo.

Ndine,
Bambo a ana anu.

27 Julayi

Amake mwana,

Moni kwa inu ndi ana. Lero sindiyamba ndi bondo.

Mwalemba kuti: "Madzi musinthe kawiri, ndipo muyanike tsiku lomwelo. Koma tandiuzani, khukhi amene ali pantchito amasefera chinangwa epuloni yake yoyera? Mawa lake avala chiyani? Lembani zoona."

Ndinawerenga nditakhala pa tayala. Ndinaseka, kenako kuseka kunatha. Munthu wandigwira ali kutali masiku anayi a pamsewu.

Zoona ndi izi. Nyumba ija inagulitsidwa. Bwana, Adona ndi Kafoni anasamukira kutsidya la nyanja kumapeto kwa Meyi. Anandisiyira kalata yondiyamikira, poto, mipeni itatu ndi dzanja lotsanzikana pageti. Kuyambira pamenepo ndagogoda paliponse. Akaona imvi amati adzandiimbira. Ena amafunsa mapepala ondiloleza kukhala m'dziko muno, ndipo mapepala anga anatha kalekale. Moni wa m'mageti uja ndi umenewu.

Palinso choona china, chachikulu kuposa ichi. Pa ukwati wa mwana wathu ndinakuuzani kuti Bwana anandikaniza tchuthi. Linali bodza. Sindinapemphe n'komwe. Mapepala anali atatha kale, ndipo ndinkadziwa kuti ndikatuluka sadzandilolanso kulowa. Suti ndinagula, ili m'chikwama mpaka lero, kapepala ka kusitolo kakadali pamkono. Ndinaika mwana uku, ntchito uku, ndinasankha ntchito, n'kumadziuza kuti ndikuchitira inu nomwe. Tsiku la ukwatilo ndinali kuwotcha nkhuku za alendo a Bwana, ndipo zinapsa bwino kwambiri, alendo anaombera m'manja. Lero ntchito ija yakwera ndege, yandisiya ndi poto.

Ndili ndi manyazi, ndiponso ndili ndi mantha. Miyezi yonseyi ndakhala ndikukufunsani za madzi, za moto, za chivundikiro, chifukwa funso lenileni limandikanika kufunsa. Si kuti za timibulu zinali zonamizira ayi. Mpaka pano sindikumvetsa chifukwa chake ufa uja umalimba ukaumenya, ndipo ndikadzapeza wondiuza ndidzamugulira tiyi. Koma ndinaona kuti ndikafunsa za chinangwa mumayankha, ndiye ndinapitiriza kufunsa.

Funso ndi ili: ndibwere?

Sindibwera ndi chuma. Ndili ndi poto, mipeni, suti, bokosi la timapaipi ndi bondo limodzi labwino. Mukati ayi sindikutsutsani, ndinu amene mwasenza pakhomopo nokha zaka zonsezi. Mnzanga wowotcherera akuti angandiphunzitse kumugwirira zitsulo, sindifa ndi njala. Koma ngati ndi ayi, lembani ayi. Musangotumiza mawu oti sopo wafika.

Ndine,
Mwamuna wanu, ngati mukundiwerengabe.

24 Ogasiti

Amake mwana,

Moni, ndipo zikomo. Thiraki ya a Dalaivala inafa panjira, anachedwa masiku khumi, ine kuno lamba ndinamuboola bowo lina. Dzulo afika, ndipo kalata yanu ndaiwerenga mpaka ndikutha kuinena pamtima:

"Za ukwati sindikuyankhani papepala. Amene munamulakwira poyamba ndi mwana, mukayambire kwa iyeyo. Ine zanga ndidzanena mutakhala pansi, ndipo ndi zambiri.

"Tiyi uja ndapanga kanayi. Koyamba linali phala. Tsopano timibulu tanga tikuposa tanu, sindikufunika kulawa tanu kuti ndidziwe. Ayezi ndikumagula kugolosale. Tikumwera supuni, poti timapaipi tilibe. Kutumiza sindingatumize, munanena nokha kuti sitidikira munthu. Wofuna kulawa abwere ndi timapaipi."

Ndinafufuza mawu oti inde kutsogolo ndi kuseri, sindinawapeze. Ndinapatsa mnzanga wowotcherera kuti andiwerengere, mwina maso anga akuphonya. Anawerenga, anavula magalasi ake akuda, nati, "Madala, mayi akufuna timapaipi. Inu ndinu wonyamula chabe." Ndavomera. Ntchito ya wonyamula ndi yoyamba kuipeza chichokereni kunyumba ija, ndipo sindikuisiya.

Kalatayi yatsogola ndi thiraki ya mawa. Ine ndibwera ndi ulendo wotsatira, tinyamuka pa 5 Seputembala. A Dalaivala akuti tikayenda bwino tifika tsiku lachinayi, dzuwa lili pamutu. Poto akwera kumbuyo ndi katundu, koma bokosi la timapaipi ndiliika pamiyendo. Chitseko cha kukhitchini chija ngati akalipentala sanabwere, chisiyeni, ndidzachikonza ndekha.

Ndidzatsikira kwa wachisamba kaye monga mwanena, suti ija nditavala, ngakhale ndachedwa nayo zaka ziwiri. Kapepala ka pamkono ndachotsa lero. Sindikudziwa kuti adzandisunga nthawi yaitali bwanji, kaya adzanditsegulira n'komwe. Ndiye sindingathe kukuuzani ola loti mutereke madzi.

Phikani nthawi imene mwafuna, imwani ndi ana tikadali tofewa. Ndikafika maola anayi atadutsa, timibulu titauma, musataye. Mundisiyire m'mbale, ndidzatafuna tomweto.

Ndine,
Bambo a ana anu.